Mwana ndi foni pakhomo: poyambira, zotseka, ndi zochita zikavuta

M'makomo ambiri muno mu Lilongwe mwana sayambira intaneti pa foni yakeyake. Amayambira pa foni ya mayi ake iwo ali kalikiliki ndi mapoto, kapena pa ya bambo ake imene yasiyidwa pa tchaja pabalaza. Wina amayambira kwa achimwene ake a ku sekondale, wina kwa mnzake wa pa lendi pomwepo. Ndiye funso loti "kodi ndimulole mwana wanga kulowa pa intaneti?" kwa ambirife lidapitirira kalekale. Mwanayo adalowa kale. Chatsala n'choti azilowa ife tikudziwa, ndipo china chikamuopsa mmenemo athamangire kwa ife m'malo motibisira.

Ine sindili mbali ya amene amati mwana asagwire foni n'komwe. Phindu lake lilipo, ndipo lidaonekera konkuno. Pa sukulu ya pulayimale ya Biwi, akatswiri a ku University of Nottingham adayesa ana amene ankaphunzira masamu pa matabuleti, pogwiritsa ntchito pulogalamu yolankhula Chichewa ya bungwe la onebillion. Zotsatira zidasindikizidwa mu 2015, ndipo zidaonetsa kuti ana a Sitandade 2 ndi 3 adapita patsogolo kuposa anzawo amene ankangophunzira mwa nthawi zonse. Koma taonani mmene zinkachitikira: phunziro losankhidwa bwino, mphindi 30 pa tsiku, munthu wamkulu ali pomwepo. Zinthu zitatu zomwezi ndi zimene zimasowa mwana akakhala yekha ndi foni kuchipinda.

Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana amene kwawo kunali foni ndi bandulo ankalandira ntchito pa WhatsApp, anzawo akungokhala. Lero mwana wa Fomu 3 amene algebra yamuzunguza m'kalasi la ana ochuluka angathe kuonera phunziro lomwelo pa YouTube kapena pa Khan Academy, n'kulibwereza mpaka limulowe. Wina amaphunzirira pomwepo kuluka tsitsi, kusoka, kuimba gitala. Wina amaonana nkhope ndi bambo ake amene ali ku Johannesburg. Kumumana zonsezi n'kumubweza m'mbuyo. Tsono tiyeni tione mmene tingachitire, mwatsatanetsatane.

Choyamba, funsani musanatseke kalikonse

Sankhani tsiku limene pakhomo palibe mlandu, mwina Loweruka masana ntchito zitatha. Mupatseni foni, mukhale naye pamodzi, mumuuze kuti, "Tandionetsa zimene umakonda kuonera muno." Akakuonetsani, onerani naye mpaka kumapeto. Zina zikhala zopanda mutu, zina sizikusangalatsani, koma tsiku limenelo ugwireni mtima. Mukangokalipa pa vidiyo yoyamba, yachiwiri sadzakuonetsaninso. Chimene mukufuna kudziwa n'choti amalowa pati, amacheza ndi ndani, ndipo mwa amene amacheza nawowo ndi angati amene adaonanapo nawo maso ndi maso.

Funsaninso za mafoni a kunja kwa nyumba yanu. Makolo ambiri amadzilimbitsa mtima kuti, "Ine bandulo sindimugulira." Komatu mavidiyo ambiri amene ana amaonetsana safuna bandulo. Amayenda pa Bluetooth, pa Xender, kapena pa memore imene yadzazidwa pa kabenchi ka oika nyimbo ndi mafilimu, tomwe tili pamsika uliwonse, kaya ndi ku Nsungwi, ku Kawale kapena ku Chinsapo. Memore imodzi imazungulira kalasi lonse. Choncho musangoyang'ana mabandulo. Tsegulaninso Gallery ndi File Manager muone zimene zasungidwamo.

Chachiwiri, konzani foni yanu

Sitepe iyi ambiri amailumpha, chonsecho ndi imene imateteza ana aang'ono kwambiri. Magulupu a WhatsApp a akuluakulu, a kuntchito, a mpira, a amene tidaphunzira nawo, amatumiza zinthu zosayenera maso a mwana: zithunzi za ngozi zapamsewu mitembo ili poyera, anthu akumenyedwa ndi gulu, ena mpaka zolaula. Zonsezi zimakakhala mu Gallery, ndipo mwana wa zaka 6 amene mwamupatsa foni kuti aonere katuni amazipeza ndi chala chimodzi.

Lowani mu WhatsApp, dinani Settings, kenako Storage and data. Pa Media auto-download chotsani zonse, kuti pasakhale chithunzi kapena vidiyo yolowa yokha. Bwererani, mulowe pa Chats, muzimitse Media visibility. Zimene zidalowa kale muzifufute ndi manja, chifukwa sizichoka zokha. Muonanso kuti bandulo yanu yayamba kukhalitsa.

Kenako foni ikhale ndi nambala yotsegulira imene mwana sakuidziwa, ndipo isafanane ndi nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ana amaloweza msanga chala cha kholo pamene chikudina. Pa mafoni ambiri a Android, monga Itel ndi Tecno amene ali m'manja mwa ambirife, mu Settings pa gawo la Security muli App pinning, ena amalemba Screen pinning. Mukaiyatsa, mutha kumupatsa mwana foni itatsekeredwa pa pulogalamu imodzi yokha, ndipo sangatuluke kupita kwina popanda nambala yanu. Pa Google yatsani SafeSearch, pa YouTube yatsani Restricted Mode, ndipo kwa ana a ku pulayimale ikani YouTube Kids ngati ikupezeka pa foni yanu. Zosefa zimenezi sizigwira chilichonse, makamaka mavidiyo a m'Chichewa, koma zimachepetsa kwambiri.

Chachitatu, yang'anani msinkhu

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2019 lidalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku, kucheperako ndiye bwino. Ndikudziwa kuti foni imatontholetsa mwana m'minibasi kapena kutchalitchi kuposa china chilichonse. Koma mwana amaphunzira kulankhula poyankhulana ndi anthu, ndipo maola amene wangoti maso tong'o pa foni ndi maola amene palibe amene akumuyankha.

Facebook, Instagram, TikTok ndi WhatsApp onse amati munthu akhale atakwana zaka 13. Mwana wa Sitandade 5 akakhala ndi akaunti ya TikTok, ndiye kuti pena pake chaka chobadwa chidanamizidwa. Bodza limeneli limapweteka mwana yemweyo. TikTok, mwachitsanzo, salola wosakwana zaka 16 kulandira mauthenga a kumbali, ndipo akaunti ya mwana wa zaka 13 mpaka 15 imayamba ili yotseka kwa anthu achilendo. Mwana akalemba kuti ali ndi zaka 22, chitetezo chonsecho chimachoka, ndipo pulogalamuyo imamutenga ngati munthu wamkulu. Choncho potsegula akaunti mukhalepo, ndipo mulembe chaka chenicheni.

Kumbukiraninso za simukhadi. Kuyambira 2018 simukhadi iliyonse imalembetsedwa, ndipo chiphaso cha unzika chimaperekedwa kwa amene wakwana zaka 16. Ndiye simukhadi imene ili m'foni ya mwana wa zaka 13 ili m'dzina la munthu wamkulu. Ikhale m'dzina lanu. Mwana akabwera ndi simukhadi imene simukuidziwa, kapena foni imene akuti wamupatsa mnzake, musagone musanadziwe kuti mnzakeyo ndi ndani ndipo wamupatsiranji.

Chachinayi, ngati mukumupatsa yakeyake

Wa ku pulayimale kafoni ka mabatani kamukwanira, ngati cholinga n'choti muzidziwa kuti wafika bwino. Foni yaikulu ndi bwino idikire mpaka sekondale, ndipo ngakhale pamenepo isaperekedwe chifukwa choti anzake onse ali nayo.

Mukagula yogwiritsidwapo kale ntchito mu Old Town kapena kwa munthu, yambani ndi Factory reset kuti zonse za mwini wake wakale zichoke. Kenako ikani Google Family Link pa foni yanu. Ndi yaulere. Mutsegulireni mwana akaunti ya Google kudzera mmenemo, mulembe tsiku lenileni lobadwa, mulowetse akauntiyo pa foni yake, mutsate zimene zikulembedwa pa mafoni onse awiri. Patulani madzulo amodzi ndi bandulo yokwanira, chifukwa mafoni onse amafunika akhale pa intaneti. Mukamaliza mutha kuika maola a pa tsiku, ola limene foni izidzitseka usiku, komanso kuti asaike pulogalamu yatsopano inu musanavomere. Ngati ali pa TikTok, mu Settings muli Family Pairing, imene imalumikiza akaunti yake ndi yanu.

Pa WhatsApp yake lowani pa Privacy. Pa Groups sankhani My contacts, kuti munthu wosamudziwa asamuike m'gulupu. Chimodzimodzi pa Profile photo. Pa Calls yatsani Silence unknown callers. Kenako pa Account yatsani Two-step verification, muike nambala imene inu nonse awiri mukuidziwa.

Zonsezi chitani iye akuona, mukumufotokozera chifukwa chake. Kuika zinthu mwakabisira kumangomuphunzitsa kuti nayenso azichita mwakabisira, ndipo pa nkhani za foni ana ndi ochenjera kutiposa. Dziwaninso kuti Family Link sikuonetsani zimene akulemberana pa WhatsApp, ndipo ilibe mphamvu pa foni ya mnzake.

Chachisanu, malamulo a pakhomo

Akhale ochepa, oti mungathe kuwasunga. Lalikulu ndi la usiku: foni isagone kuchipinda kwa mwana. Ikakwana nthawi imene mwagwirizana, ibwere kuchipinda kwanu kapena pa tchaja pabalaza. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, wa zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10, ndipo amene akucheza pa foni mpaka tambala woyamba mawa lake amangosinza m'kalasi. Macheza oipa ambiri amachitikanso nthawi yomweyo, nyumba yonse itagona. Akati akufuna tochi ya pa foni magetsi akazima, mugulireni tochi. Akati alamu, mudzutseni ndinu.

Pa chakudya pasakhale foni, ndipo lamuloli likhudze bambo ndi mayi omwe. Ntchito ya kusukulu iyambe, foni pambuyo. Apa pali chatsopano: kuyambira 2024 mu WhatsApp muli Meta AI, imene imayankha funso lililonse la homuweki pa kamphindi. Mwana angathe kukopera yankho lonse osamvetsa kanthu, ndipo nthawi zina yankholo limakhala lolakwika. Akamaliza kulemba, muuzeni atseke kope akufotokozereni ndi pakamwa mmene wapezera. M'chipinda cha mayeso a MANEB akalowa ndi mutu wake wokha.

Bandulo muzimugulira ndinu, ya pa sabata, ikatha yatha. Mukaona kuti ali pa intaneti masiku amene inu simudagule kanthu, funsani kumene ikuchokera.

Malamulowa uzaninso amene amatsala ndi ana: agogo, wantchito, achemwali awo aakulu. Pa holide akamapita kwa amalume, imbani foni muwauze zimene mudagwirizana. Ndipo kambiranani ndi makolo a anzake a mwana wanu, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe. Foni yosatseka imodzi pa mdadada imafikira ana onse.

Chachisanu ndi chimodzi, nkhani imene timaizemba

Apa ndikhalitsapo, chifukwa zonse zam'mbuyozi n'zazing'ono poyerekeza ndi izi.

Munthu wofuna kuononga mwana pa intaneti sayamba ndi zolaula. Amayamba ndi ulemu. Amatumiza friend request, chithunzi chake chili cha mnyamata wooneka bwino kapena cha mtsikana wa msinkhu wa mwana wanu. Amayamikira: "Koma ndiwe wokongola." Amafunsa za kusukulu, amamvetsera madandaulo amene kunyumba palibe amawatchera khutu. Pakapita masiku amatumiza mayunitsi, kenako kandalama kogulira mafuta odzola, osapempha kanthu. Ndiyeno amati, "Tiye ku WhatsApp, kuno kuli maso ambiri," n'kuwonjezera kuti, "Usawauze amayi ako, sangamvetse." Chithunzi choyamba chimene amapempha n'chabwinobwino, cha nkhope. Chachiwiri n'cha zovala zogonera. Chachitatu chikangopita, mawu amasintha tsiku lomwelo: "Ukapanda kutumiza china, kapena ukapanda kubwera tidzaonane, ichi ndichiponya pa gulupu ya kalasi yanu."

Anyamata nawonso amakodwa. Akaunti yooneka ngati ya mtsikana imayamba ndiyo kutumiza chithunzi, n'kupempha kuti naye abweze. Akabweza, kumabwera chiopsezo chofuna ndalama. Ndipo si nthawi zonse pamene munthuyo amakhala wachilendo. Angathe kukhala woyandikana naye nyumba, wophunzitsa ana pa nthawi yapadera, wa kumpingo, ngakhale wachibale, amene pamaso panu amapereka moni mwaulemu koma usiku akulembera mwana wanu.

Chiopsezo chikafika, mwana amayeza mbali ziwiri: munthu uja ndi inu. Ngati akudziwa kuti kunyumba kukumudikira chikwapu, kulandidwa foni, ndi kuchititsidwa manyazi pamaso pa abale, amakhala chete n'kumvera wachiopsezoyo. Amatumiza chachinayi, chachisanu, mwina mpaka kupita kukakumana naye. Anthu amenewa amadalira mantha amene mwana ali nawo pa makolo ake. N'chifukwa chake pali lonjezo limene muyenera kulinena ndi pakamwa panu, zinthu zisanachitike, ndipo mulibwereze kangapo pa chaka:

"Mwanawe, tsiku lina pa foni pakadzachitika chinthu chokuopsa kapena chokuchititsa manyazi, ngakhale utakhala kuti walakwitsa ndiwe, udzandiuze. Sindidzakumenya. Tidzathana nacho limodzi."

Mukalonjeza, sungani. Mwana amakuyesani ndi tinthu ting'onoting'ono: lero akuuzani kuti wina wamutukwana pa gulupu, n'kuona mmene nkhope yanu yasinthira. Mukalumpha n'kulanda foni, chachikulu chikadzabwera sadzatsegula pakamwa.

Ndikudziwa kuti pa chikhalidwe chathu bambo sakamba za thupi ndi mwana wake wamkazi, ndipo amayi ambiri lilime limalemera. Chikhalidwe chomwecho chidatipatsa njira: azakhali alipo, amalume alipo, alangizi a kumpingo kapena kumzikiti alipo. Sankhani mmodzi amene mwanayo amamasuka naye, mumuuze mwanayo kuti, "Zimene sungathe kundiuza ine, ukawauze azakhali ako." Koma musadikire kuti athe msinkhu, chifukwa foni imafika chinamwali chisanafike. Mlangiziyo anene zinthu momveka: chithunzi cha maliseche sichitumizidwa kwa aliyense, ngakhale kwa chibwenzi chimene chalumbira, View once, njira yotumizira chithunzi choti chioneke kamodzi kokha, si chitetezo, chifukwa munthu amangojambula ndi foni ina, wamkulu aliyense wonena kuti "ichi n'chinsinsi chathu" ndi woyenera kumuneneza, ndipo munthu wodziwana naye pa foni pokha sakumana naye popanda wamkulu wa kunyumba.

Makolo nafenso tisamale ndi zimene timaposita. Chithunzi cha mwana atavala yunifolomu, baji ya sukulu ikuoneka, ataima pa geti la nyumba, chimauza munthu wachilendo dzina lake, sukulu yake ndi kumene amakhala. Zithunzi za makanda akusamba zisapite pa Status.

Chachisanu ndi chiwiri, ndalama

Kandege, masewera obetcha a pa foni, kalowa m'makomo ambiri, ndipo ana akusewera pogwiritsa ntchito simukhadi za akuluakulu, ngakhale lamulo sililola wosakwana zaka 18 kubetcha. Mwana akapambana kamodzi amaganiza kuti waidziwa njira. Mufotokozereni kuti masewerawa adapangidwa kuti pamapeto pake kampani ndiyo itsale ndi phindu, ndipo amene amagulitsa "njira zowinira" pa Telegram ndi WhatsApp akungomudyera kachiwiri. Ngati ndalama ya fizi kapena ya thiransipoti yayamba kusowa, ndipo mauthenga a Mpamba kapena Airtel Money akufufutidwa m'foni, pemphani sitetimenti muone kumene ndalama zikupita.

Mayeso akayandikira kumabwera ogulitsa likasa, olonjeza mapepala a JCE ndi MSCE munthu akatumiza ndalama. Ambiri amatumiza mapepala abodza kapena kungozimitsa foni. Ndipo pamene mapepala adabedwadi, adavutika ndi ana: mu Novembala 2020 mayeso a MSCE adathetsedwa ali mkati, ndipo ophunzira dziko lonse adalembanso mu Januwale 2021. Mwana wopezeka ndi likasa angathe kutaya zotsatira zake zonse.

Muphunzitseninso kuti uthenga wonena kuti "mwapambana" pa mpikisano umene sadalowe ndi wabodza, ndi kuti manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa meseji sapatsidwa kwa munthu aliyense, ngakhale atalemba ngati mnzake wa m'kalasi. Wotenga manambalawo amalanda akaunti yonse n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina la mwanayo. Kwa omaliza Fomu 4, chenjezo lina ndi la ntchito za kunja zolengezedwa pa Facebook. Nkhani ya amayi achimalawi amene adakavutikira ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino idamveka dziko lonse.

Zikavuta

Nthawi zambiri mwana sanena, koma amaonetsa. Amabisa sikirini mukalowa, amanjenjemera foni ikalira, amasiya kudya, amakana kupita kusukulu, kapena amakhala ndi zinthu zimene inu simudagule. Wina amangotuluka m'magulupu onse mwadzidzidzi, chifukwa anzake akumuseka mmenemo usana ndi usiku. Kunyozedwa pa gulupu ya kalasi musakuone ngati zachibwana. Kale mwana akanyozedwa kusukulu ankapuma akafika kunyumba, koma pano zimamutsatira mpaka pa mphasa. Sungani mauthengawo, mukaonane ndi aphunzitsi. Mukapeza kuti wanu ndiye akunyoza anzake kapena kufalitsa zithunzi zawo, musamuikire kumbuyo. Apepese, afufute, ndipo adziwe kuti ndi mlandu.

Ngati wakuuzani kapena mwatulukira kuti wina akumuopseza ndi zithunzi, tsatani izi mwa dongosolo lake.

Mawu anu oyamba akhale oti, "Wachita bwino kundiuza." Mkwiyo mukhala nawo, koma usagwere pa iye. Malamulo aakulu a dziko lino, kuchokera pamene adasinthidwa mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wolakwa ndi amene wamunyengerera.

Musatumize ndalama, ngakhale atanena kuti akalandira afufuta. Wolipidwa kamodzi amabweranso. Musamuimbire kumutukwana kapena kumuopseza, chifukwa akadziwa kuti nkhani yaululika amataya simukhadi n'kusowa.

Musafufute kalikonse pakadali pano. Lembani pa pepala nambala yake, dzina la akaunti yake, masiku amene ankalemba, ndi mauthenga a ndalama ngati adatumizapo. Jambulani screenshot ya mawu oopsezawo. Koma chithunzi chamaliseche cha mwanayo musachitumize kwa aliyense, kaya ndi achibale, abusa kapena gulupu ya banja, ngakhale cholinga chili chofuna thandizo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula za ana, komanso limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu pa intaneti. Tengani foni yonseyo mupite nayo kupolisi momwe ilili.

Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, kaya ndi ku Area 3, ku Kawale, ku Lingadzi kapena ku Kanengo. Mutha kuimbanso 116, nambala yaulere yothandiza ana, imene amayankha ndi alangizi a Tithandizane a bungwe la YONECO. Mwanayo aidziwe pamtima nambala imeneyi, chifukwa angathe kuimba yekha. Umboni ukasungidwa, mubulokeni munthuyo ndipo mumunenere pa pulogalamu imene ankagwiritsa ntchito podina Report. Palinso tsamba laulere lotchedwa Take It Down, la bungwe la ku America la NCMEC, lothandiza osakwana zaka 18 kuti zithunzi zotere zichotsedwe pa Facebook, Instagram ndi TikTok. Chithunzicho sichichoka m'foni yanu. Tsambalo limangotenga chizindikiro chake.

Ngati adakumana ndipo mwana adagwiriridwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngati n'kotheka asanasambe ndipo zovala zisanachapidwe. Ku Kamuzu Central Hospital kuli One Stop Centre, kumene achipatala, apolisi ndi oona za chisamaliro cha ana amathandizira pamodzi. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo oteteza mimba nawonso amafuna changu. Abale ena adzabwera ndi mawu oti nkhaniyi ithere pakhomo, makamaka ngati wolakwayo ndi wodziwika kapena walonjeza ndalama. Kanani. Munthu wotere akasiyidwa amapita kwa mwana wina.

Masiku otsatirawo mwanayo asakhale yekha nthawi yaitali, ndipo nkhani yake isakhale yokambirana pa mpopi. Kusukulu uzani mphunzitsi mmodzi wodalirika kuti azimuyang'anira. Akanena mawu ngati "bola kungofa," kapena akayamba kugawa zinthu zake, musaone ngati akungofuna kukuopsezani. Chotsani tameki, mankhwala a mbewu ndi mapilitsi onse pamalo pamene angafikire, mugone naye chipinda chimodzi, ndipo kukacha mupite naye kuchipatala kapena kwa alangizi a St John of God, amene ali ndi malo muno mu Lilongwe.